Woitanira wa Pasiteji Yomaliza

Tsiku limene mayi Jennifer anayamba kuwaona a Gibson Mulenga, mkuluyo anali akumenya basi ndi chikhatho. Munali mu Januwale wozizira wa kutsidya kwa nyanja, pasiteji yomaliza paja mabasi amazungulira n'kubwerera kumene achokera, ndipo mkuluyo, atavala majekete atatu, ankaitanira anthu opita ku Laurel mokuwa ngati ali kwawo ku Lusaka: "Laurel! Laurel! Mipando iwiri yatsala, tiyende!" M'basimo munali munthu mmodzi.

Palibe anawalemba ntchitoyo. Atapuma yosamalira okalamba, anangodzipatsa okha.

Dalaivala wina, Calvin, anayesa kuwaletsa poti ankamuchedwetsa. "Mr. Gibson, I got a schedule."

"Nthawi ilibe maso, mwana wanga. Suwaona amayi akuthamangawo?" Phazi pakhomo la basi, osalichotsa mpaka wochedwayo atakwera.

Vuto lawo linali pakamwa. Ankanena anthu mokweza m'Chinyanja. "Wa taye uyu wagona pampando, mkazi wake wamukwiyira. Uyo galu wake ali ndi jekete loposa langa." Akafika pa a Jennifer ankatsitsa mawu: "Awa ndi a ku Ghana, sakumva. Koma nkhope iyi yaika munthu m'manda."

A Jennifer anali a ku Ntcheu, ndipo amuna awo anali atangomwalira kumene. Tsiku loyamba anakhala chete chifukwa cha manyazi. Lachiwiri anachita manyazi ndi dzulo lakelo. Zinapita zaka ziwiri. M'mawa uliwonse ankanyamuka kunyumba atakonza "Mwadzuka bwanji, bambo," n'kukaumeza moniwo pakhomo la basi.

A Gibson anamwalira Loweruka lina mu Novembala, ndi matenda a mtima. Masiku ano mabasi amanyamuka pa nthawi yake. Wochedwa amangoima n'kumayang'ana basi ikukhota, ndipo Calvin sayang'ananso pagalasi. Pasitejipo pamangomveka mainjini.

Lachisanu, kutatsala tsiku limodzi kuti a Gibson amwalire, a Jennifer anawapeza atakhala pabenchi, osaitanira, akupuma movutika. Basi inali itatsegula kale chitseko. A Jennifer anaima patsogolo pawo.

"Bambo..."

Mkuluyo anakweza maso, n'kuseka pang'ono.

"Kwerani, mayi, mungachedwe kuntchito. Za ku Ghana zija ndinkangokuputani kuti mwina mungandikalipire. Moni wanuwo ndaudikira zaka ziwiri. Mudzandipatse Lolemba."