Mmene Ndinalankhulitsira Malemu Bambo Anga pa Foni

Mukadzapita ku Yofu, mudzi wathu wa pachilumba, n'kumva kuti munthu wakufa analankhulapo pa foni, musadzatsutse. Analankhuladi. Koma amene anamulankhulitsa ndine, ndipo manyazi ake sanandichoke mpaka lero.

Ine ndinakulira m'manja mwa agogo. Amayi anamwalira ndili wakhanda. Bambo, a Yakobe, anapita ku Joni ndisanayambe kuyenda, ndipo kunangobwera uthenga woti amwalira, anaikidwa konko. Tinatsala ndi kachithunzi kamodzi ka pasipoti, kamene agogo amasunga m'buku lawo la mapemphero. Mwina n'chifukwa chake ndinakula wosakonda kulankhula (aphunzitsi ena anandiphunzitsa chaka chathunthu akuyesa ndine wosalankhula).

Barnaba, mnzanga amene ali ndi kashopu kotchajira mafoni ku Chipyela, anaganiza zopanga filimu yoopsa yoseka anthu okhulupirira chilichonse chobwera pa foni. Nkhani yake inali yoti nsanja ya netiweki ikumeza akufa n'kumalankhulitsa nkhope zawo. Kamera inali foni yosweka pakona. Magazi anali madzi a chidede. Mzukwa unali msuweni wake atafunda neti ya udzudzu.

"Tikusowa nkhope ya munthu wakufa," anatero Barnaba. "Komanso mawu oti pachilumba pano palibe amene amawadziwa."

Anzathu onse amene anali m'shopumo anatembenukira kwa ine.

Lolemba agogo atapita kumunda wa chinangwa, ndinasolola kachithunzi kaja. Barnaba anakajambula, ine n'kukabwezera pa tsamba lomwelo. Kenaka anandipatsa pepala kuti ndiwerenge ndi mawu onenepa: "Anthu a ku Yofu, sindinafe. Nsanja yandimeza. Musaike foni ku khutu lamanzere, ndi kumene imayamwira magazi."

Anadinadina pa kompyuta yake yakale, n'kundiuza kuti ndione.

Abale, kachithunzi kamene ndinakhala ndikukayang'ana kwa zaka makumi awiri kanaphethira. Bambo anakweza nsidze. Anapendeketsa mutu ngati munthu amene wamva kuitana, milomo n'kutseguka. Anzanga ankaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ine ndinangoti kukamwa yasa. Sindinaonepo bambo akusuntha. Ndinapempha kuti anditumizire, ndipo njira yonse yobwerera ku Yofu ndinkangoonera, mpaka ndinapunthwa kawiri pa miyala.

Nditafika, mayi Esnati, oyandikana nafe, anabwereka foni kuti aimbire mwana wawo wa ku Nkhata Bay. Ndinawapatsa kanema uja ali chitsegulire.

"Mayo ine! Yakobe!"

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanalankhula. Ine ndinangoti chete. Atandiuza kuti nditumize pa foni ya mpongozi wawo, ndinatumiza (munthu wamkulu akakutuma sukana, ndi mmene anandilerera).

Pofika Lachitatu, aliyense wokumana naye panjira anali ndi foni ku khutu lamanja. Asodzi a ku Khuyu anawonjezerapo kuti nsanjayo imang'ung'udza m'Chizulu. Bambo ena anakulunga foni yawo m'masamba a nthochi. Barnaba ankavina.

"Amwene, filimu yatchuka isanathe! Usaulule, tidikire kaye."

Ndinadikira. Koma masana a Lachinayi ndinapeza amayi a mpingo atadzaza pakhonde pathu, akuuza agogo kuti mwana wawo Yakobe ali moyo, pakufunika munthu wokamusaka ku Joni. Alendo atapita, agogo analowa m'nyumba, n'kutulutsa jekete yakale ya bambo, n'kuyiyanika pa chingwe, akuisisita m'mapewa.

Mtima wanga unasweka. Ndinagwada pamene ankasenda chinangwa, ndipo ndinalankhula mawu ambiri kuposa onse amene ndinalankhula chaka chimenecho.

"Bweretsa kuno," anatero.

Anaonera katatu, foni ataitalikitsa kumaso.

"Nkhope ndi yake. Taona khutu lopindikalo. Koma Yakobe wanga anali wachibwibwi, iwe. Mawu oti 'nsanja' akanalimbana nawo mpaka chinangwachi kuuma. Esnati atangondionetsa ndinadziwa kuti ndi mawu ako. Ukuyesa sindikumva ukamalankhula ndi nkhuku?"

"Nanga jekete ija, agogo?"

"Ndimaopa njenjete." Anasenda chinangwa china, kenaka n'kuwonjezera chapansipansi, "Mutu umadziwa, koma mtima ndi wogontha."

Ndinkadikira chilango. M'malo mwake anandifunsa ngati makinawo angamunenetse mwana wawoyo chilichonse. Ndinavomera.

"Pokwera sitima analonjeza kuti akafika alemba kalata. Sinabwere. Kamuuze anene kuti, 'Amayi, ndafika bwino.'"

M'mawa mwake anavala chilundu cha kutchalitchi, tinayenda wapansi mpaka ku Chipyela. Analanda mpando wa Barnaba, amene anangoima pakona ngati mwana wa sukulu wochedwa.

"Amayi, ndafika bwino," ndinawerenga.

"Ameneyo ndi muulutsi wa pa wailesi, si mwana wanga. Ankakakamira pa 'nda'."

"Amayi, nda-a-a…"

"Tsopano wasanduka mbuzi. Bwereza. Iwe Barnaba, ukuseka chiyani? Nkhani ya magazi ija ndikambirana ndi amayi ako."

Tinabwereza kasanu ndi katatu. Anandiphunzitsa pamene bambo ankameza mate, pamene ankatulutsira mawu onse kamodzi ngati madzi ophulika mu mpopi. Tsiku limenelo ndinadziwa zambiri za bambo anga kuposa zimene ndinamvapo moyo wanga wonse.

Barnaba atamaliza kulumikiza, nkhope ija inaphethira, inapendeketsa mutu, n'kunena, "Amayi, nda-nda-ndafika bwino."

Agogo anagwira galasi la kompyuta ndi chala chimodzi, pa khutu lopindika lija.

"Wafikadi," anatero. "Chabwino. Zimitsani."

Barnaba anatembenukira kukhoma n'kumanamizira kufunafuna tchaja.

Filimu sinathe. Lamulungu, mapemphero atatha, ndinaima panja pa tchalitchi n'kuulula zonse pamaso pa anthu. Anamvetsera bwinobwino, kenaka bambo a masamba a nthochi aja anati, "Mwaona? Mwana amene sankalankhula uja lero akulalikira. Nsanja yamulowa." Mayi Esnati mpaka lero amaimba foni ku khutu lamanja.

Ndinaphunzira kuti kukhala chete nakonso ndi bodza, ndipo ndimayesetsa kulankhula zinthu zisanafike patali. Vuto ndi loti ndikafika pakhomo kuchokera ku Chipyela, lilime limandikakamira pamalo omwewo. "Agogo, nda-nda-ndafika." Sindidziwa ngati ndimachita dala. Agogo sanandikonzepo.