Madamu Fumbi Anapita ndi U

Madamu Fumbi sankatha kuphunzitsa kanthu miyendo ili phee. Ndikati ankavina, musaganize za kuvina kosangalala ayi. Mayi ameneyu ankavina masamu. Ankavina zilembo. Ankavina ulendo wa chakudya m'thupi, kuyambira pakamwa mpaka uko kumene sindingatchule pamaso pa anthu aulemu ngati inu. Dzinali linachokera ku fumbi la m'kalasi yake ya ana oyamba kumene sukulu, limene akuti tsiku lina linabweza ndege. Ndegeyo ine sindinaione, koma fumbilo ndinalimeza ndithu, chifukwa ndinkapita kukatenga mwana wa mlongo wanga kumeneko.

Amene anazunzika naye zaka makumi awiri ndi a Hedi, mkulu wa sukuluyo, bambo wouma ngati thabwa, woti ngakhale pofuna kuyetsemula ankayamba wamanga batani la jekete.

"Madamu, simenti yang'ambikanso."

"Ndi kuchulukitsa ndi folo kumeneko, bwana. Kumafuna chidendene."

"Kodi simungaphunzitse ana atakhala pansi?"

"Akakhala pansi nzeru amazikhalira, bwana. Zimaphwanyika."

A Hedi anayesa zonse. Anamulanda ng'oma, iye n'kutenga ndowa. Anamulanda ndowa, ana n'kumadziwomba pamimba. Chaka china analamula kuti pa mayeso aliyense akhale duu, manja pa desiki. Ana anayang'ana mapepalawo ngati alembedwa ndi abakha. Patadutsa theka la ola popanda wolemba ngakhale dzina lake, a Hedi anapukuta thukuta n'kunong'ona kuti, "Chabwino, zala zakumapazi zokha." Madesiki anayamba kuyenda okha. Mmene belu limalira, mzere wakutsogolo unali utafika pakhonde, ndipo onse anakhoza.

Theka la anthu a kuno linadutsa m'manja mwake, ndipo sabisika. Telala akamayeza nsalu amagwedeza phewa pa inchi iliyonse. Namwino akamawerenga kugunda kwa mtima wako, chiuno chake chimawerenga nawo, moti odwala ena amachira ndi manyazi okha. Dalaivala wa basi sadziwa kumanja ndi kumanzere asanadumphe kaye pampando.

Ndiye pakati pa teremu, Lachiwiri lina m'mawa, Madamu sanadzuke. Anasiya ana makumi asanu ndi limodzi ali pa chilembo cha M.

A Hedi anaganiza kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Anabweretsa mphunzitsi watsopano, mtsikana wa satifiketi yonunkhirabe inki. Iye analemba pa bolodi n'kunena kuti, "Uyu ndi N." Ana onse anaimirira n'kumamuyang'ana miyendo.

"Mukudikira chiyani?"

"N, madamu."

"Si uyu pa bolodipa?"

"Chimenecho ndi chithunzi chake. Mwiniwake ali kuti?"

Patatha mwezi, anawo ankawerenga "amama", "mkaka" ndi "mbale" bwinobwino, koma akafika pa "abambo" ankaima pa khomo la O ngati pali galu. Azibambo anayamba kubwera ku ofesi kudzafunsa chimene analakwa. A Hedi sankaseka nawo. Iwo ankadziwa kuti mwana wosatha kuwerenga pakutha pa chaka amabwereza kalasi, ndipo awa anali makumi asanu ndi limodzi, ena otero akubwera m'mbuyo, chipinda n'chimodzi.

Anasanthula kabati ya malemu. Anapezamo nsapato zakutha zisanu ndi ziwiri, zonse zakumanzere, koma pepala ngakhale limodzi ayi. Zonse mayiyu ankazisunga m'mafupa, ndipo mafupawo tinali titawaika. Choncho a Hedi anatseka chitseko cha kalasi, anavula jekete koyamba m'mbiri ya sukuluyi, n'kupeka N wawowawo. Bondo linalira moti wometa tsitsi kutsidya kwa msewu anatuluka kudzaona ngozi.

Kamtsikana ka kutsogolo kanakweza dzanja. "Bwana, ameneyo si N. Imeneyo ndi nyongolotsi ya m'mimba. Tinaphunzira kale."

Apa m'pamene anayamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha zilembo kwa ophunzira akale.

"N? Ndinaiwala kalekale, a Hedi," anatero telala. "Ndine munthu wamkulu ine."

"Tangowerengani nyuzipepala iyi."

Telala anawerenga mzere umodzi, ndipo pansi pa makina bondo lake linapinda lokha kawiri, mwiniwake osadziwa. A Hedi anagwada pakati pa tizidutswa ta nsalu n'kujambula m'kope. O anamupeza kwa namwino. P ndi R anawatola kwa dalaivala, basi ikuyenda, anthu akupemphera. S anachokera kwa wometa tsitsi uja, ndipo kasitomala wake mpaka pano amavala chipewa. T ndinawapatsa ndine, ngakhale sindinaphunzirepo kwa Madamu. Ndinangowamvera chisoni n'kupeka. Ana anagwira bodzalo tsiku lomwelo, ndipo T weniweni a Hedi anachita kukam'tenga kwa mwana wa mlongo wanga, amene sakundilankhulabe.

Chilembo chilichonse chikapezeka, a Hedi ankathamanga nacho chotsimphina, n'kukachivina pamaso pa ana chikadali chotentha. Ana ankachilandira ngati m'bale wochokera ku ulendo.

Koma U wasowa. Telala akuti mwina ankawerama. Namwino akuti ayi, kuweramako ndi C. Dalaivala akuti tsiku la U iye anali ndi chikuku. Popanda U mwana sangalembe "buku", sangalembe "sukulu", sangalembe ngakhale "munthu". Ndipo anawo akukana kudumpha kupita kwa V, chifukwa Madamu anawauza kuti chilembo sachisiya m'mbuyo chokha, chimalira.

Kwatsala sabata zitatu kuti mayeso ayambe. Mukadutsa pa sukulupo masiku ano mumamva wotchi ya mu ofesi, imene sitinkadziwa n'komwe kuti imalira. Ana amaimirira pa T, mwendo uli m'mwamba, kudikira. A Hedi simuwapezako. Anakhoma chikwangwani pamalo okwerera basi cholembedwa kuti MUNTHU USAUNJIKE KATUNDU MUNO, ndipo amakhala pansi pake kuyambira m'mawa, kope pabondo, maso ali pa mapazi a aliyense wowerenga, kudikira kuti wina avine U mosadziwa.

Dzulo ndinakhala nawo pang'ono, nthabwala zanga zonse zili m'thumba.

"Pali chaoneka, a Hedi?"

"Mayi wina anayamba kukweza chidendene," anatero osandiyang'ana. "Kenako basi inabwera."