Mbuzi ya Agogo ndi Chizungu cha Kukhoti

Mpaka lero ndikamadutsa pa Dzaleka pa minibasi ndimayang'ana kumbali, kuopa kuti bambo wina wolima kabichi angandizindikire. Inayambitsa ndi mbuzi, koma manyazi onse anagwera ine.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, choncho ndinakulira kwa agogo m'mudzi wina kuseri kwa kampu ya othawa kwawo ya Dzalekayo. Sindinali mwana wolongolola. Anzanga akamasewera mpira, ine ndinkakhala pakhonde ndi dikishonale yakalekale imene ansembe ena anaitaya kuparishi. Inalibe chikuto, ndipo inkathera pa L chifukwa masamba enawo amalume anapichirira fodya. Mawu ake ndinawaloweza ngati katekisimu. Ndinkadziwa kuti affidavit ndi umboni wolemba molumbira, larceny ndi kuba, aqua regia ndi madzi oopsa osungunula golide. (Golideyo ndinali ndisanamuonepo, ndipo chiganizo chathunthu cha Chizungu ndinali ndisanachilankhulepo kwa munthu wamoyo.)

Agogo ankagulitsa tomato pamsewu. Aliyense wogula, ngakhale wa mulu umodzi, ankachoka atauzidwa kuti kunyumba kuli loya.

Tsiku lina mbuzi yathu inadula chingwe n'kukalowa m'dimba la bambo wina wa ku Congo, wokhala m'kampu, amene ankabwereka malo kudambo. Bamboyo anaigwira n'kuimangirira pamtengo. Mbuzi tinali nayo imodzi yomweyo, inali ndi bere, ndipo ana akewo ndi amene tinkadalira kuti adzandipititse kusekondale. Kwathu zikatere mwini mbuzi amanyamula nkhuku, kukakhala pansi, kupepesa, nkhani n'kutha. Koma agogo nkhuku yawo inali ikuikira, ndipo kupepesa sikunali m'magazi mwawo.

"Anthu amenewa Chichewa samva," anatero akumanga chitenje. "Tiye ukamuopseze ndi Chizungu cha kukhoti."

"Agogo, bwanji tingotenga nkhuku ija?"

"Palafini umandithera uja unkawerenga za nkhuku? Tsogola."

Tinamupeza akuthirira. Mzere wina wa kabichi unali utatsala zitsa zokhazokha, ndipo mbuzi yathu inali pamthunzi ikubzikula, mimba ili tololo, yopanda nkhawa iliyonse. Bamboyo anaika keni pansi n'kutiyang'ana. Agogo sanapereke ndi moni womwe. Anangondikankhira kutsogolo.

Ndinaloza mbuzi. "Habeas corpus."

(Amenewa ndi mawu olamula kuti womangidwa abwere naye pamaso pa woweruza. Kunena zoona, mpaka pano ndimaona kuti ndinasankha bwino.)

Bamboyo anayang'ana mbuzi, kenako ine.

"Waona, wayamba kunjenjemera," anatero agogo mokweza. "Onjezera. Taona makutu akewo, ngati a mbuzi yomweyo. Kabichi wa mphutsi ameneyu n'kumangira chiweto cha munthu?"

Ndinaonjezera. Affidavit. Alibi. Injunction. Larceny ndinamutchula kawiri, kachiwiriko ndikugwedeza chala. Amayi amene ankachapa pachitsime anasiya zovala n'kuyandikira. Apa m'pamene mawu a kukhoti anandithera. Ndinatembenuka kuti ndiwauze agogo, koma iwo ananditsina m'nthiti.

"Usasiye, watsala pang'ono kugwa."

Ndinalowa m'mankhwala. "Aqua fortis. Aqua regia. Brimstone." Thukuta lili kamukamu, ine ndili pakati pa dimba la mwini, kuopseza mlimi ndi madzi osungunula zitsulo komanso mwala wa sulufule. Nditafika pa laudanum, mankhwala akale ogonetsa tulo, mawu anga anali atasanduka a mwanapiye.

Bamboyo anapukuta manja pathalauza, n'kuvula chipewa.

"Mwaswera bwanji, agogo? Pepani sindinakulonjereni, ndimadikira kuti mwanayu amalize pemphero."

Chinali Chichewa cha ku Dowa chenicheni, choposa changa. Amayi a pachitsime aja anagwirana mapewa ndi phwete.

"Kuno ndinabwera ndili kumsana kwa mayi anga," anapitiriza bamboyo. "Chizungu ndiye chinandikana. Koma za makutuzo ndamva. Akazi anga nawonso amanena zomwezo."

Munthu tamudyera kabichi, tamumana moni, tamutukwana pamaso pa anthu. Akanangoti nkhaniyi ipite kubwalo, mbuzi ikanapita yonse ndi bere lake, sekondale yanga n'kuthera pomwepo. Ndinayang'ana agogo. Pang'onopang'ono anakhala pansi pamzere, miyendo n'kutambasula.

"Taswera bwino, bambo, kaya inu. Ana a masiku ano ndi amwano, muwakhululukire."

(Mwana wamwanoyo ndinali ine.)

Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola. Anati mbuziyo anaimanga kuti isamalize dimba, ndipo ataona kuti ili ndi bere anaimwetsa madzi. Nkhuku sanaifune. Anangopempha kuti loyayo azibwera akaweruka kusukulu, adzawokere mbande pamene mbuzi inadya. Ndinavomera asanamalize n'komwe. Nditamasula chingwe, mbuziyo ndinaikumbatira pakhosi, fungo lake osalimva.

Tinakwera chitunda, ine ndikukoka mbuzi, agogo pambuyo. Ndinkaganiza kuti tonse awiri taphunzirapo kanthu, makamaka zoti pamunda pa munthu umayamba ndi moni. Titatsala pang'ono kufika, agogo anandigwira paphewa.

"Koma iwe Chizungu umachitha," anatero monyadira. "Wachithira mpaka munthu wayamba kulankhula Chichewa."

Ndinangogwiritsa chingwe.