Phewa la Apongozi

Lolemba, 8 Julaye 1957

Ukamwini wanditopetsa pano pa Sinda. Ndikufuna kutenga Tisauke tikakhale kwathu ku Vubwi, kumene munda wa amayi ukungomera nsenjere. Ndapempha chitengwa. A Zingalume, malume ake a mkazi wangayu, akuti: "Mwana wathu apite ndi munthu woonda ngati bango? Ayambe wagwetsa Bizi Loweruka, tione." Bizi ndi mlamu wanga, polowa m'nyumba amachita kuwerama.

Sakundidziwa! Ku usilikali, ku Malaya, sajeni anatiphunzitsa kagwiridwe ka pandewu kotchedwa unyolo:
— gwira chigongono, upinde;
— akakoka mkono, wakupatsa phewa;
— akagubuduka, dzanja ndi lako.

Ululu ukamukwana amamenya pansi, ndewu yatha. Chofunika n'chimodzi: munthuyo azilimbana nawe. Kuthawa kwakeko ndiko kumakutsegulira pogwira pena. Vubwi, ndikubwera!

Lachiwiri, 9 Julaye

Ndikuyeserera pa a Gidioni, oyimbitsa nyimbo kutchalitchi. Chigongono ndagwira. Ndikudikira akoke. Sakukoka. "Tengani mkonowo, achimwene, musachite manyazi." Ndikuti kokani! Akuti: "Ndikoke bwanji inu mukuufuna?" Ulemu wa anthu a pano udzandipha.

Lachitatu, 10 Julaye

Lero ndikuyeserera pa mbuzi, tonde. Uyu ndiye akulimbana, ndamuyamikira. Koma miyendo ndi inayi, ndipo yakumbuyoyo imapindikira kolakwika. Ine ndikufunafuna phewa, iye wapeza kale nthiti zanga. Zotsatira:
— kabudula wa usilikali wang'ambika;
— kuseka kukundipweteka;
— fungo!

Tisauke wandiyalira mphasa pakhonde. "Mukagone ndi mnzanuyo."

Lachinayi, 11 Julaye

Bizi wabwera mozemba. Kani nayenso akufuna ndichoke, dimba limene ndimalima likhale lake. "Alamu, musavutike, ndigwa ndekha." Tikuyeserera kuseri kwa nkhokwe. Ndisanamukhudze n'komwe ali pansi, phuu! Akumenya dothi ndi manja onse awiri, uku akukuwa kuti wafa. Nkhuku balala. Ndikumupempha alimbeko pang'ono, unyolo uoneke. Wavomera. Wagwanso.

Lachisanu, 12 Julaye

Ndikusenza udzu wa denga la apongozi aakazi. A Zingalume akubwera munjira. Ndapatuka, ndagwada, maso pansi. Phewa lawo lamanja linauma chigwereni pangolo, chipewa amavala ndi lamanzere. Angoti: "Mawa."

Tisauke wamanga kale miphika, ndipo mtondo akuti sausiya. "Ine kulikonse ndikhala, bola mafupa anu akhale athunthu." Mkazi wabwino.

Loweruka, 13 Julaye

Mudzi wonse wabwera. Bizi wagwa ine ndikuvula malaya. Chitsiru! Anthu akugubuduka ndi phwete. A Zingalume apsa mtima: "Mukundiyesa mwana? Bwerani mundigwire ineyo, akamwini!"

Kalanga ine! Apongozi oti sindiwayang'ana ndi kumaso komwe, lero ndiwagwire? Ndawagwira chogwada, nkhope kumbali, pakamwa pepani, pepani. Koma mkulu uyu ndiye akulimbana! Chigongono ndapinda, akoka. Manja anga athamangira okha paphewa, louma lija.

Khoo!

Pansi sanamenye. Ndikudziona kale ndili pamsewu, wopanda mkazi, kabudula wong'ambika. Adzuka pang'onopang'ono. Akukweza mkonowo. Akukwezabe. Wafika pamutu! Akudzikanda kunkhongo, akutsinzina ndi kukoma. Nthungululu mpaka kutsidya kwa dambo.

Lamulungu, 14 Julaye

Potuluka m'tchalitchi ndapeza mzere pakhomo:
— a Gidioni ndi khosi;
— azakhali a Tisauke ndi chiuno;
— bambo wina wa ku Katete ndi bondo. Wamva bwanji?

Ndikuwauza kuti sindine sing'anga, zinangochitika. Sakumva. Aliyense akundipatsa mkono mwaulemu, wokoka palibe.

A Zingalume atumiza tambala, ndi mawu akuti dimba lija ndi langa mpaka imfa. Za chitengwa akuti: "Munthu wa manja otere timupereke ku Vubwi? Iyayi, ameneyu ndi wathu." Akunena zimenezi akuloza kumwamba ndi mkono wamanja, popanda chifukwa.

Bizi sakundilankhula. Tisauke akumasula miphika uku akuyimba. Amayi ndikawalimira ndekha mvula ikayandikira, ndikabwerera kuno. Tambalayo ngwonona, sindinama. Ndadya, ndakhuta, ndagona chagada pamphasa yanga, ndamenya pansi.