Ba Enos ndi Mapepala a Zitumbuwa

M'komboni yonse ya Ng'ombe, munthu wogula chitumbuwa chifukwa cha pepala lokulungira anali mmodzi yekha, Ba Enos Chitalu. Chitumbuwacho ankangopatsa mwana aliyense amene waima pafupi, iwo n'kutsala ndi pepala lamafuta lija, n'kuliwongola pa ntchafu mosamala ngati akusita malaya a ukwati. Alendo ankayesa kuti mkuluyo mutu sukoka. Eni komboni ankangoti, "Basiyeni ba mudala, babelenga."

Wogulitsa zitumbuwazo anali Ba Towela, mayi wa ku Lundazi, m'chigawo cha kum'mawa, wa manja ofulumira ndi lilime lofulumira kuposa manjawo. Mng'ono wawo Christine ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, ndipo ana a abwana akakula, mabuku awo otayidwa ankathera m'chikwama cha Christine. Anali mabuku achingerezi a achinyamata, odzaza ndi zombo zouluka pakati pa nyenyezi, anthu achitsulo ndi zinjoka zolavula moto. Kwa Ba Towela zonsezo zinali pepala labwino, lokhuthala, losadontha mafuta. Ankang'amba tsamba, kukulunga, kupereka, wina abwere.

Ba Enos anakalamba akusamala maluwa kumayadi komweko, ndipo Chingerezi chawo anachitola m'mabuku otere, kuseri kwa galaja pa nthawi ya nkhomaliro. Koma sanamalizepo ngakhale limodzi. Nkhani ikafika pokoma, adona ankaitana, kapena mwini buku ankalitenga. Ndiye mtima wawo unkalira chinthu chimodzi chokha: kuwerenga buku lathunthu, kuyambira chikuto mpaka chikuto, asanafe. Ankanena poyera, ndipo ankanena tsiku ndi tsiku pa tebulo la Ba Towela.

"Mbuya, nipaseniko chabe buku imozi yonse, nikalibe kufa."

"Imwe ba Bemba simufa, muvuta chabe. Nikakupasani buku, vitumbuwa nizamangila mu chani? Mu shati yanu?"

"Shati yanga ilibe sitori."

"Na vitumbuwa vanga sivibelenga. Fendelani uko, mwaniimilila pa makasitoma."

Musadabwe ndi kalankhulidweko. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa ndi pachimbuya: amanyozana, kulandana zinthu, kuchitana chipongwe, popanda wopita kukasuma, ndipo wina akafa mnzakeyo ndiye amayendetsa maliro. Kukana kwa Ba Towela kunayamba ngati nthabwala ya chimbuya. Koma nthabwala ukaibwereza zaka zambiri imauma, ndipo iwo eni sanadziwenso pobwerera. Chimene anavomera n'chakuti azing'amba masamba motsatana, kuyambira kutsogolo.

Apo Ba Enos anapeza nzeru. Anamanga chingwe kuchokera pa denga lawo kukafika pa mtengo wa mapeyala, nauza ana onse kuti aliyense wotumidwa zitumbuwa azibweza pepala. Tsamba likafika ankaliwaza phulusa kuti limwe mafuta, kulikutumula, n'kulipanira pa chingwe pa malo ake. Dzuwa likawomba, masamba aja ankawala mbuu, zilembo za kuseri zikuonekera kutsogolo. Ana akaweruka kusukulu ankakhala pansi pa chingwecho, mkuluyo akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, akuwerenga Chingerezi ndi maso, pakamwa pakutuluka Chinyanja.

Vuto linali masamba osabwerera. Ena ankadyedwa ndi mbuzi, ena ankayatsira mbaula, ena ankakwera minibasi. Tsiku lina komboni yonse inaona Ba Enos akuthamanga, ndodo m'mwamba, mpaka pa chitseko cha chimbudzi cha Ba Dixon.

"Ba Dixon! Osasebenzesa iyo pepa!"

"Ah, ba mudala, nili bize!"

"Ni pamene chinjoka chikamba zina yake! Tengani iyi nyuzi, ili na bandale bekabeka!"

Nyuzipepala inadutsa pamwamba pa chitseko, tsamba linatulukira pansi, ndipo chinjoka chinapulumuka.

Tsamba likasoweratu, Ba Enos sankavomera kuti lasowa. Ankaima pa mpata wa chingwe, kuyang'ana mphepo, n'kupitiriza ngati akuwerenga. Koma ana sanali opusa. Akangomva kuti chombo cha ku nyenyezi chakana kunyamuka chifukwa sichinadzaze, kapena munthu wachitsulo wauma pa mzere wa pampope chifukwa magetsi azima, ankakuwa onse, "Iyo ni peji ya mu Ng'ombe!" Mkuluyo ankakwiya zenizeni. "Munaliko imwe ku mwezi? Mwaziba bwanji kuti kulibe kondakita?" Ndipo kunena zoona, masamba a mu Ng'ombewo ndiwo ana ankakumbutsana popita kwawo.

Si onse ankakondwa. Ba Inonge, mkulu wa amayi a mapemphero, anabwera tsiku lina kudzadula chingwe, ati zinjoka ndi za mdima. Ba Enos anawapatsa mpando kuti ayambe amva okha umboni. Mawa lake Ba Inonge anabweranso, ati umboni sunakwane. Anausonkhanitsa umboniwo mpaka buku linatha, ndipo pamene chinjoka chinafa poteteza mwana wamasiye, ndi iwo anapempha mpango.

Ba Towela okha ndiwo ankati alibe nazo ntchito. Tebulo lawo linali pafupi, koma nkhope ankailozetsa ku chiwaya. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ikafika pothina, zitumbuwa za tsiku limenelo zinkapserera. Mwana wawo Belinda anakulira pansi pa chingwe chija, ndipo pamene matenda a shuga anayamba kuphimba maso a Ba Enos, ndi Belinda, ali mtsikana wa ku sekondale, amene anatenga ntchito yowerenga. Mkuluyo ankakhala pa mpando, maso ali gwa kumwamba, akudikira mpata woti alowetsepo kondakitala wake. Pempho lawo silinasinthe, ndipo yankho la Ba Towela silinasinthe.

M'nyengo yozizira Christine anabweretsa buku la mtsikana wosoka matanga a chombo cha pakati pa nyenyezi, amene anatayika ali khanda ndipo ankafunafuna kwawo. Dzulo lake Ba Enos anali atanena pagulu kuti zitumbuwa za a kum'mawa zayamba kuchepa ngati maso a nkhuku. Ba Towela anati aona. Anatembenuza buku lija n'kuyamba kung'amba kuchokera kumapeto, akuseka okha poganiza nkhope ya mbuya wawo akamva nkhani ikuyenda chafutambuyo.

Koma Ba Enos sanabwere. Dzuwa linakwera, mpando uli wokha. Belinda anapita kukasuzumira, ndipo anabwerako akuyenda pang'onopang'ono.

"Amai, ba Enos sibanauke. Bakana na kudya poliji. Bakuti nikababelengeleko, olo chabe mapeji yabili."

Ba Towela anayang'ana buku lili m'manja mwawo, lopanda mchira. Anazimitsa mbaula mafuta akadali moto. Mayi amene sanasiyepo tebulo lake ngakhale kukugwa mvula anayenda khomo ndi khomo, chitenje chili m'chiuno, akufunsa mapepala. Mwayi wake, komboni inali itazolowera kale kusunga mapepala. Masamba anatuluka pansi pa mbale, m'matumba a yunifolomu, m'Baibulo la Ba Inonge. Onse anapezeka kupatula limodzi, lomaliza lenilenilo. Chitumbuwa chake anagula kondakitala wa minibasi ya ku tauni, ndipo atam'peza madzulo anangotambasula manja.

Ba Towela anasoka masambawo ndi ulusi wakuda, nalowa m'chipinda cha Ba Enos, n'kuwaika bukulo pa chifuwa.

"Tengani buku yanu, muleke kunivuta."

Mkuluyo analipapasa kutsogolo ndi kumbuyo, nalinunkhiza. "Yonse, mbuya?"

"Yonse," anatero Ba Towela, ndipo Belinda anayang'ana pansi.

Masana aliwonse a sabata imeneyo Belinda ankawerenga, ana atadzaza pakhomo mpaka pa zenera. Zitumbuwa sizinaphikidwe. Ba Towela ankakhala pa ndowa yovundikira pakona, ati akudikira mbale yawo ya phala. Ba Enos sanalowetsepo kondakitala ngakhale mmodzi. Ankangomvetsera, buku lenileni likuyenda lokha popanda mpata, ndipo nkhope yawo inali ya mwana. Mawu awo ankachepa tsiku ndi tsiku, masamba nawonso akuchepa.

Tsiku lomaliza mtsikana wa m'nkhani uja anafika pa chipata cha dziko la kwawo, matanga atang'ambika, mpweya ukutha m'chombo. Anagogoda, koma kunali zii. Anagogodanso. Pamenepo Belinda anatembenuza tsamba, napeza chikuto. 

"Pitiliza, mwana wanga," anatero Ba Enos. "Bamusegulila?"

Belinda anatsegula pakamwa, koma misozi inamutsogolera. Ba Towela anaimirira pa ndowa paja, nalanda buku. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti mayiyo Chingerezi chake chimathera pa moni.

"Mwana walema, nizasiliza ine," anatero, nakhosomola. "Manje geti yaseguka. Pa geti pali kamayi kakalamba na mbaula. Kanakana kuchokapo zaka zonse, bantu bakakamba ati uja mwana anafa, keve ati azabwela. Kamuona chabe, kayamba kukalipa. Ati iwe, unali kuti nthawi yonse iyi? Ona mwamene wayondela! Ona nsalu za chombo mwamene wazing'ambila! Kamukalipila, kamukalipila, uku kamupukuta kumaso na chitenge. Pamene apo katenga chakudya chakupya, kamanga mu pepa, kamupasa mu manja. Ati ngena, malo yako tinakusungila, palibe anankalapo. Mutsikana wangena. Geti yavalika. Yasila."

Ana anangoti kukamwa yasa, osayerekeza kukuwa. Kenaka milomo ya Ba Enos inayamba kunjenjemera, ndipo kunali kuseka.

"Iyi peji ni ya ku Lundazi."

"Ndiye mwamene balembela."

"Boza, mbuya. Kulibe wolemba angakalipe so." Anafufuza dzanja la Ba Towela nalipeza. "Koma osachinja olo liu imozi. Manje nabelenga buku yonse."

Anamwalira sabata isanathe, buku losokedwa ndi ulusi wakuda lili pansi pa pilo.

Pa maliro a Mbemba, a kum'mawa ndiwo amakhala eni bwalo. Amapaka anamfedwa ufa kumaso, kunyoza malemu, kuseketsa anthu kuti chisoni chipepuke, ndipo onse ankadikira lilime la Ba Towela. Mayiyo anaimirira pafupi ndi bokosi, ufa uli m'manja. "Imwe ba Enos," anayamba mokweza, "nenze nauza bantu kuti ba Bemba simufa. Mwaninamizisa." Anthu anaseka.  Koma Ba Towela anangokhala pansi pomwepo, ufa ukutayikira pa chitenje, nalira ngati wafedwa mlongo wake.

Lero mukapita mu Ng'ombe, zitumbuwa za Ba Towela amakulungira nyuzipepala, ndipo sizipsereranso. Chingwe chija chikadalipo, koma anthu a lendi atsopano amayanikapo matewera. Masana komboni imakhala ndi phokoso lake lonse, mawailesi, mahutala a minibasi, amayi a pampope, koma pansi pa mtengo wa mapeyala pamadutsa nkhuku zokha. Mabuku a Christine amakhala athunthu m'beseni pansi pa tebulo, ndipo mwana aliyense wosamba m'manja amabwereka. Ba Towela sang'ambanso ngakhale tsamba limodzi, ndipo zimawapweteka kuti chinthu chophweka chotere anachiphunzira mochedwa.

Ana amawerenga ndithu, ndipo amabweza. Tsiku lina kamtsikana kena kanabweza buku la zombo, Ba Towela n'kukafunsa ngati linakoma.

"Yenze bwino," kanatero, kakukanda mwendo ndi chala cha phazi. "Koma mulibe Ng'ombe."

Ba Towela anatembenukira ku chiwaya, nati utsi wa mbaula wawalowa m'maso.