Mphuno ya Pikiapu ndi Ukwati wa Zelipa

Lolemba

Loweruka lino mwana wanga Zelipa akukwatiwa ku Sinda, ndipo ndalonjeza pamaso pa abale onse kuti apita pa pikiapu yanga. Inde, ija ndinagula kwa abusa achizungu pamene ankabwerera kwawo ku America, ya chiwongolero cha kumanzere. M'Katete muno palibenso ina yotere!

Koma lero yadzuka ndi matenda:
kanyali kachikasu ka pafupi ndi chiwongolero kayaka ndipo sikakuzima;
ikumwa petulo ngati ng'ombe ya m'chilimwe;
utsi wakuda bii.

Amake Zelipa aima kumbuyo kwake pang'ono chabe, duku loyera lasanduka la maliro. Akuti, "Bambo, diresi la mwana ndi loyera, mwamva?" Ndamva. Ndikuthokoza kuti yadwala Lolemba, osati Loweruka. Masiku alipo.

Lachiwiri

Ndili kwa a Saidi, makaniko a kuseri kwa msika. Ndiwo ankaikonza nthawi ya abusa. Munthu wodekha, Mulungu awadalitse. Akupinda kawaya, akukalowetsa pansi pa chiwongolero, kanyali kayamba kuphethira. Kamodzi, kupuma, kenako katatu. Galimoto kuyankhula ndi maso!

Akuti ndi sensa ya okisijeni. Ndafunsa kawiri. Kachitsulo konga pulagi, komangidwa pa paipi ya ekizozi. Kamanunkhiza utsi n'kuuza injini kuti petulo wakwana. Ndiye mphuno yake. Mphuno yafa, injini ikungomwa osauzidwa kuti basi.

"Tikapeza kena, ni ten minutes chabe," atero a Saidi. Ndabwerera kunyumba ndikuimba nyimbo.

Lachitatu

M'masitolo a m'Katete mulibe. Wina wandionetsa pulagi ya njinga yamoto. Wina wandigulitsa sopo, poti wafika lero ndipo mawa sadzapezeka. Wa minibasi wafunsa ku Chipata konse, kumeneko akuti mwina ku Lusaka, mwina.

Mlamu wanga a Gelesomu amva mawu akuti okisijeni, osandifunsa, ulendo kuchipatala pa njinga. Akapempha botolo la mpweya la odwala! Anamwino awafunsa kuti wodwalayo ali kuti, iwo akuti ali pansi pa mtengo wa mango, akutulutsa utsi. Awapitikitsa. Sindikuseka pamaso pawo. Ndani wina angapalase mtunda wonsewo chifukwa cha ine?

Madzulo a Saidi akumbukira kuti ku Vubwi kuli pikiapu inzake, inagwera mumtsinje chaka chatha.

Lachinayi

Vubwi! Ndakwera lole ya thonje, pamwamba pa mabelo, fumbi mpaka m'makutu. Msana wanga ukudziwa dzenje lililonse.

Pikiapu ija ndaipeza. Ilibe matayala, mukugona nkhuku. Mwini wake ndi mayi wamasiye, amagulitsa zitenje za ku Malawi. Ndafotokoza za ukwati, iwo angoti, "Chotsani, achimwene, nkhuku sizinunkhiza." Akana kulandira kalikonse. Andiphikira mbatata, andipatsanso tambala woti akadye akwati.

Ndagona chagada m'zitosi ndi sipanala. Kasensa katuluka! Ndakakulunga m'mpango ngati dzira. Anthu abwino alipo padziko, ndaona ndi maso.

Lachisanu

"Ten minutes" ya a Saidi yayamba m'mawa.

Kasensa kakale kakana kutuluka, dzimbiri lagwira. Zomwe tayesa:
mafuta a injini;
palafini;
moto;
sipanala yovekedwa paipi, ine ndi a Gelesomu kukoka, a Saidi kutukwana m'Chiyao.

Masana a Saidi apita ku mzikiti, ine ndatsala ndikulondera. Pobwera angogwira kamodzi, kwe! katuluka. Akuti pemphero. Ine ndikuti palafini, koma sinditsutsa.

Tamanga ka ku Vubwi. Ndaliza injini. Kanyali kazima! A Gelesomu avina pamsewu. Tayenda kukayesa mpaka ku Mkaika, mphepo ikuwomba bwino, ine ndikupatsa moni aliyense.

Pobwerera kayakanso. Utsi uja wabwerera ndi abale ake.

A Saidi akanda mutu. Akuti petulo wathu ali ndi mtovu, ndipo mtovu umapha timphuno timeneti. Ka ku Vubwi kanafa kale kasanagwere mumtsinje. Chabwino, ipita ndi utsi wake, mkwatibwi timukhazika kutsogolo n'kutseka mawindo. Koma poyesayesa paja petulo watha, ndipo pa filing'i sitesheni papachikidwa katoni: palibe mpaka sabata yamawa.

Amake Zelipa angolowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Bola akanakalipa.

Loweruka

Tambala woyamba, ndili pakhomo pa a Tembo, aneba athu, chipewa m'manja. Sanandilole n'kumaliza komwe. Atulutsa ng'ombe zawo ziwiri, Bantomu ndi Jamani, goli ndi tcheni.

Ndapita kwa Zelipa kukapepesa. Iye waseka mpaka misozi, akuti, "Atate, munati ndipita pa pikiapu. Simunanene kuti ikhala ikulira."

Ndiye tanyamuka. Maluwa a pepala pagalasi, maluwa ena panyanga. Ine pa chiwongolero ndi suti, Zelipa pambali panga, azimayi kumbuyo akuimba, a Tembo kutsogolo ndi mkwapulo. A Saidi atseka garaja, akutsatira pa njinga ndi sipanala m'thumba, kuchitira mwina. Malole a ku Lusaka akutiimbira mahutala. Ana a m'midzi yonse ya m'njira akuthamangira.

Tafika dzuwa litapendeka. Abusa a ku Sinda adikira, mkwati waonda ndi nkhawa, mpunga wazizira. Koma diresi loyera mbee! Bambo a mkwati andigwira dzanja nthawi yaitali, akuti ukwati wotere sanauonepo. Sindikudziwa ngati akuyamika, ndavomera ngati chiyamiko.

M'njira monse Zelipa anatsamira paphewa langa. Ikanakhala ikuyenda ndi injini, bwenzi titafika msanga, ine n'kumutula asanatsamire n'komwe.

Lamulungu

Pikiapu yabwerera pansi pa mango, ng'ombe zomwezo. Miyendo ikuwawa ngakhale sindinayende. Nyumba yachita zii popanda Zelipa.

A Saidi akuti akufuna kulembera abusa aja ku America atitumizire sensa yatsopano. Ikhoza kufika mvula ikagwa, ndipo petulo wathu adzaiphanso. Zili bwino.

Titatuluka m'tchalitchi, mabanja awiri andipatula pambali. Ana awo akukwatiwa mwezi wamawa ndipo akufuna pikiapu yanga. Ndawauza zoona, kuti siyenda. Akuti akudziwa, akuifuna ndi ng'ombe zake.

Ndapita kukawauza a Saidi kuti kalata ija asafulumire nayo.