Nkhombe Zanga Zinapita ku Chapananga

Mukandipeza ndikupala mphika ndi chivindikiro cha chitini, musandifunse kumene kunapita nkhombe zanga. Kaya funsani, poti mudzi wonse unaseka kale.

Ndili mtsikana, miyala ya kumunsi kwa mathithi a Kapichira inkadzaza nkhombe, tizilombo ta m'madzi tija tokhala m'kati mwa zigoba ziwiri. Madzi akaphwa m'chilimwe, unkachita kusankha popondapo. Ukatembenuza mwala, nkhanu zinkabalalika ngati ana opezeredwa akuba mango. Zigobazo ndiye tinkapalira miphika ndi kusalazira mbiya.

Tsono pa ukwati wa mwana wanga, ndinawauza asebere anga, amayi ake a mkaziyo, kuti kwathu nkhombe timachita kupondaponda (pakamwa pangapa pakatseguka, ine mwini ndimangomvetsera nawo). Iwo ndi oumba mbiya ku Chapananga, kouma kuja, ndipo amasalazira ndi chitsononkho. Anangoti adzabwera ndi dengu.

Anabweradi, dengu kumutu.

M'mawa mwake, iwo atapita kukaona mwana wawo, ndinatsetserekera kumiyala kukazonda. Ndinali ndisanapondeko chiyambire mawondo kulira. Ndinapeza matope okhaokha. Msodzi wina amene ankasoka ukonde anandiseka, akuti nkhombe zinayamba kuchepa kalekale. Madzi osefukira akabwera ndi dothi la kumapiri amazikwirira, chaka chino pang'ono, chinacho pang'ono, mpaka zii. Nkhanu nazo zinatsatira. Kunangotsala tinkhono ta likodzo.

Munthu wabwinobwino akanabwerera kukanena zoona. Ine ndinabwerera kukatenga nkhombe zanga za kukhitchini, zonse, ndi ija anandisiyira malemu amayi yomwe, n'kukazisomeka m'matope m'mbali mwa miyala.

Masana tinapita awiri. Ndinkatsogola, ndikuloza ndi ndodo ngati ndangoziona kumene. Iwo ankatola n'kumatsuka. Kenaka anakweza imodzi padzuwa, n'kuitembenuza.

"Asebere, mtsinje wanuwu ndi waulemu. Nkhombe zimabadwa zitaperepeseka kale mbali imodzi, mwaye ndi kumsana komwe."

Ndinayankha kuti ndi mtundu wake. Pofuna kusintha nkhani, ndinati ndiwaonetse nkhanu, n'kupisa dzanja pansi pa mwala. Ndinkadziwa kuti mulibe kanthu, ndikanangonena kuti zapita kokadya. Koma munali imodzi. Kaya ndi yokhayo yotsala m'Shire monse, koma zaka zonsezi inkadikira ine. Inandipana chala, ndinadumpha, phazi linaterereka, ndinakhala pansi m'matope kuti phwatha, chitenje mbali ina, mpango ukuyandama kulowera ku Nsanje.

Asebere anandidzutsa mwaulemu, akundipukuta kumsana, akuvomereza kuti nkhanu zilipodi, aona ndi maso. Kenaka anayamba kulongedza nkhombe m'dengu. Nditaona ya amayi ikulowa, mtima unandipweteka. Ndinati mwina imeneyo aisiye kuti ibereke.

"Chigoba chopanda mwini wake chibereka bwanji? Inu muli nazo zambiri, si mumachita kupondaponda?"

Ndinawasenzetsa dengulo ndi chala chotupa.

Mwezi wathawu anatumiza uthenga kuti akazi anzawo oumba asirira, ndiye chilimwe chino abwera nawo, aliyense ndi dengu lake. Mpongozi wanga anandifunsa kuti awayankhe chiyani, akuyang'ana pansi kuti asaseke. Ndinati awauze abwere ndithu, kumtunda kwa mathithi ndiye zilipo zosayamba.

Kumtundako chibadwire sindinafikeko.